Mkombero wa ma elekitironi ukakana kuoneka: zoti muyang'ane musananene kuti chubu chafa

Mayeso a MSCE akamayandikira, foni yanga imalira ndi nkhani imodzimodzi. Lero ndi mphunzitsi wa physics wa ku Namwera, mawa wa ku Monkey Bay, mkuja wa tsidya la Shire cha ku Malindi: "Achimwene, chubu chija chafa." Ndimanyamuka, ndikafika n'kupeza chubu chili gwa, vuto lili pa waya wadzimbiri kapena pa zenera lopanda katani. Pa maulendo onse amene ndayenda, chubu chakufadi ndachiona kamodzi kokha, ndipo amene anachipha ndi munthu amene ankafuna kuchithandiza. Msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja wanditopetsa, ndiye ndati ndingolemba.

Ndikunena za chija m'mabuku amachitcha fine beam tube: galasi lobulungira ngati mpira, lokhazikidwa pakati pa makoyilo awiri a Helmholtz, mikombero ya waya imene imapanga maginito magetsi akamadutsamo. M'kati muli mpweya wochepa kwambiri, wa hydrogen, helium, argon kapena neon malinga ndi amene anapanga. Kawaya kotenthetsa kamatenthetsa cathode, cathode imatulutsa ma elekitironi, anode imawakoka n'kuwathamangitsa, maginito a makoyilo n'kuwakhotetsa. Akamagunda mpweya uja umawala, ndiye mkombero umene timauona.

Ana anga a Fomu 4 ndimawauza kuti iyi ndi cyclotron yathu ya kuno ku Mangochi (cyclotron ndi makina othamangitsa tinthu tokhala ndi chaji mozungulira m'maginito), ndipo sindinama kwenikweni. Chimene Ernest Lawrence anazindikira ku Berkeley n'chakuti kanthu kokhala ndi chaji kakamazungulira m'maginito, nthawi yomaliza ulendo umodzi siisintha, kaya kakuthamanga kwambiri kaya pang'ono. Kothamanga kamangopanga mkombero waukulu. Iye ndi wophunzira wake M. Stanley Livingston anayendetsa cyclotron yoyamba mu 1931, kachipangizo kokwana m'manja, kamene kanafikitsa ma ion a hydrogen pa mphamvu ya 80 keV (ma electron volt 80,000), ndipo mu 1939 Lawrence analandira mphoto ya Nobel. Ya ku iThemba LABS pafupi ndi Cape Town imatha kufikitsa ma proton pa 200 MeV (ma electron volt 200 miliyoni). Yathuyi ilibe zitsulo ziwiri zija zooneka ngati chilembo D zimene zimakankha kanthuko pa theka lililonse la ulendo, choncho mkombero wake sukula wokha. Koma lamulo lokhotetsa ndi lomwelo, ndipo mafunso a munthu wofufuza vuto ndi omwewo: gwero likutulutsa? Mphamvu yokankha ikufika? Maginito ali bwino? Mpweya m'kati uli pa mlingo wake?

Musanagwire chilichonse

- Anode imalandira ma volt ofika 300. Amenewo akhoza kupha, makamaka kuno kumene manja amakhala ndi thukuta kuyambira m'mawa.
- Zimitsani, zulani pulagi, dikirani mphindi zingapo. Ma capacitor a m'bokosi lopereka magetsi amasunga chaji ngakhale mwazimitsa. Yezani ndi multimeter muone kuti voteji yatsikadi.
- Valani nsapato. Pa simenti yongokolopa kumene musagwirepo ntchito.
- Mawaya musasinthe magetsi ali oyaka.
- Galasilo likasweka limaphwanyikira m'kati kenako zidutswa n'kuuluka. Ana akhale chapatali, inu muvale magalasi oteteza maso.

Chizindikiro 1: Palibe chikuoneka

Pa mafoni khumi amene ndimalandira, ambiri ndi a vuto ili. Funso langa loyamba limakhala limodzi: kumene kuli cathode kukuoneka kufiira ngati khala lamoto? Yankho lake limagawa nkhani pawiri.

*Ngati kukufiira koma mzere palibe*, yang'anani motsatira ndondomeko iyi:

1. Chipinda chikuwala kwambiri. Musaseke, chimenechi ndiye chimatsogola. Mzere uja ndi wozilala, sungapikisane ndi dzuwa la Mangochi la 11 koloko. Kutseka chitseko sikukwanira. Phimbani mazenera ndi mabulangete kapena makatoni, kapena pangani kahema ka nsalu yakuda pamwamba pa makoyilo, osagunditsa galasi. Kenako khalani mumdimamo mphindi ziwiri kapena zitatu maso azolowere. Ine ndimayesa chipangizo madzulo kaye, ndili ndekha, ndisanachionetse kalasi.
2. Simunadikire. Cathode imafuna mphindi kapena ziwiri kuti itenthe mokwanira. Yatsani kawaya kotenthetsa kokha, dikirani, kenako muzikweza anode pang'onopang'ono kuchokera pa ziro.
3. Current ya makoyilo yakwera kwambiri. Mkombero umachepa mpaka kubisala pamphuno pa mfuti ya ma elekitironi (cathode ndi anode zija pamodzi), inu n'kumati kulibe. Tsitsani makoyilo afike pa ziro. Muyambe mwaona mzere woongoka, kukhotetsa kubwere pambuyo.
4. Voteji ya anode sikufika pa chubu. Mita ya pabokosi ikhoza kuonetsa 250 pamene pachubu palibe kanthu. Chinyezi cha kunyanja chimadya timapulagi ta mawaya: mukaona zobiriwira kapena zakuda pa chitsulo, palani ndi sandipepa yosalala. Waya winanso amaduka m'kati pulasitiki yake ili bwinobwino, makamaka pamene amalowera m'kapulagi. Magetsi ali ozima, yezani waya aliyense payekha uku mukumupindapinda.
5. Voteji ya Wehnelt yapitirira. Kachitsulo kameneka kamazinga cathode ndipo kamalandira voteji ya negative yofinya mzere kuti ukhale wowonda. Ikachuluka imatsekereza ma elekitironi onse. Ibwezereni pa ziro, mzere uoneke, ndiye muziwonjezera.
6. Mawaya a anode ndi cathode asinthanitsidwa. Zimachitika pamene wina anamasula zonse potsuka labotale n'kubwezera mongoganizira.
7. Mpweya wa m'chubu watha kapena wawonongeka. Ichi chili kumapeto dala. Chubu chakale kwambiri chimazilala pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo helium amatha kudutsa m'galasi mwakachetechete. Koma chubu chimene chinkawala bwino temu yatha sichingathe mpweya pa holide imodzi pokhapokha chitang'aluka.

*Ngati sikukufiira konse:*

1. Fyuzi yapsa, ya m'pulagi kapena ya kumbuyo kwa bokosi. Ikani ina ya mlingo womwewo. Zoika kawaya ka kopa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya zisiyireni wailesi yakunyumba, kuno ayi. Ikapsanso nthawi yomweyo, lekani, pali chimene chikuipsereza.
2. Bokosi silikutulutsa ma volt a kawaya kotenthetsa. Machubu ambiri amafuna 6.3, koma werengani zolembedwa pa chanu. Chotsani chubu muyeze pabokosi.
3. Miyendo ya chubu siyikugwira bwino m'soketi yake. Gwirani chubu pathako pake, osati pagalasi, muchikhazike bwino osachikakamiza.
4. Kawaya kaduka. Magetsi ali ozima, yezani ma ohm pakati pa miyendo iwiri ya kawayako. Kamoyo kamaonetsa ma ohm ochepa. Mita ikangokhala duu osasuntha, chubu chafadi, ndipo palibe wa mawailesi pa boma kapena ku Blantyre amene angachilumikize.

Apa ndiime pang'ono pa nkhani ya chubu chakufa chija. Mnzathu wina ankayesa madzulo, nthawi imene magetsi amafooka chifukwa aliyense wayatsa zake. Mzere unazilala. Iye anaganiza bwino ndithu kuti cathode yazizira, n'kusamutsira waya wa kawaya kotenthetsa pa kabowo ka voteji yokwererapo. Mzere unabwerera, iye n'kukagona wosangalala. M'mawa magetsi ali ndi mphamvu zonse anayatsa ana akuonerera, kunawala kamodzi kokongola, basi. Mabokosi ambiri akale amangotsitsa magetsi ndi thiransifoma popanda chowongolera, choncho a pakhoma akakwera, a kawaya amakweranso. Mzere ukazilala, dzanja lanu lisathamangire pa voteji ya kawaya. Yezani kaye pasoketi ya pakhoma muone ngati 230 ikukwana.

Chizindikiro 2: Mzere ulipo koma sukukhota

Ili ndi losavuta, chubu chili moyo.

1. M'makoyilo simukudutsa current. Kawirikawiri ndi fyuzi ya m'kati mwa multimeter imene mwaiika panjira, yomwe inapsa tsiku lina mwana atayeza nayo batire molakwika. Ichotseni panjirapo muone ngati mzere ukhota.
2. Waya wolumikiza koyilo ina ndi inzake wachoka.
3. Makoyilo alumikizidwa motsutsana. Iliyonse ikupanga maginito ake, koma pakati akufafanizana, ndiye mzere umangopotoka modabwitsa m'mbali. Tembenuzani mawaya a koyilo imodzi yokha. Kampasi yaing'ono imathandiza: mutachotsa chubu, singano iloze mbali imodzi kuyambira pa koyilo yoyamba mpaka yachiwiri.

Ngati ukukhota koma kulowera kolakwika n'kukagunda galasi pafupi, tembenuzani mawaya onse awiri a makoyilo pabokosi. Musausiye ukugunda malo amodzi pagalasi nthawi yaitali.

Chizindikiro 3: Wapiringizika ngati chigoba cha nkhono

Mkombero wotsekeka umapangika pokhapokha ma elekitironi akatuluka mopingasa ndendende ndi maginito. Akapendekeka pang'ono, amazungulira uku akusendera kumbali.

1. Chubu chatembenuka pa mpando wake. Chizungulizeni pang'ono kwambiri mpaka mapeto a mzere abwerere kumsana kwa mfuti. Chitani izi mutazimitsa anode, yatsani muone, zimitsaninso, mpaka zitheke. N'zochedwetsa, koma zala zanu zili pafupi ndi ma volt 300.
2. Pali chitsulo pafupi: tebulo la miyendo yachitsulo, mabagalabazi a pazenera, kabati, mpope wa gasi. Samukirani pa tebulo lathabwa pakati pa chipinda. Mabokosi opereka magetsi nawonso akhale chapatali, thiransifoma yake imataya maginito.
3. Foni m'thumba la malaya, sipika, kapena kamaginito kamene mwana wochenjera wabisa m'manja. Wotereyo musamukalipire, mupatseni mpata aonetse anzake.
4. Makoyilo apindika kapena sali moyang'anana bwino. Mtunda wa pakati pawo uyenera kufanana ndi radius ya koyilo. Pamenepo ndiye pagona nzeru ya Helmholtz, kuti maginito a pakati akhale ofanana paliponse.

Kunena zoona, ine nkhono ija ndimaikonda, ndipo ndimaipanga dala phunziro likatha. Ndi mmene tinthu tochokera ku dzuwa timayendera m'maginito a dziko lapansi.

Chizindikiro 4: Mkombero ukupuma, ukunjenjemera, kapena ukukula wokha

Ngati ukukula pang'onopang'ono popanda amene wagwira, makoyilo akutentha. Kopa akatentha ndi digiri imodzi, resistance yake imakwera pafupifupi 0.4 peresenti. Makoyilo akatentha ndi madigiri 20, imeneyo ndi 8 peresenti, current imatsika, maginito amafooka, mkombero n'kutambasuka. Mu Okutobala ndi Novembala, m'labotale ya malata yotseka mazenera onse ndi mabulangete, zimenezi sizichedwa. Musapitirire current yolembedwa pa makoyilo, ambiri malire ake ndi ma ampere 2. Zimitsani pakati pa gulu lina ndi linzake. Ndipo werengani mita nthawi yomweyo imene mukuyeza mkombero, osati ija munawerenga poyamba.

Ngati ukudumphadumpha:

1. Kapulagi kakugwedera. Gogodani patebulo, ukadumpha ndiye chimenecho.
2. Magetsi a pakhoma akukwera n'kutsika, makamaka ngati chigayo kapena wowotcherera zitsulo ali pafupi.
3. Muli pa jenereta yaing'ono imene ikuyendetsanso zinthu zina.

Ngati mzere wanenepa, wosaoneka malire:

1. Wehnelt sanakonzedwe. Sunthani pang'onopang'ono mpaka mzere uwonde.
2. Voteji ya anode yachepa. Pansi pa ma volt 100 mzere umafooka n'kubalalika.
3. Current ya makoyilo si yosalala. Chaja ya batire ya galimoto imatulutsa magetsi amabampu, ndiye mkombero umakula n'kuchepa mofulumira kuposa mmene diso lingaonere, inu n'kumaona lamba m'malo mwa ulusi.

Chizindikiro 5: Zonse zikuoneka bwino koma yankho la e/m likuphonya

Nambala imene tikuifuna, e/m, ndi chaji ya elekitironi kugawa ndi kulemera kwake: 1.76 × 10¹¹ C/kg, ija J. J. Thomson anayamba kuiyeza ku Cambridge mu 1897. Timaipeza ndi e/m = 2V ÷ (B²r²), pamene V ndi voteji ya anode, B ndi mphamvu ya maginito, r ndi radius ya mkombero. Popeza B ndi r onse ali ndi square, kulakwitsa pang'ono kumabala mapasa.

Nachi chitsanzo choti muziyezera chipangizo chanu. Makoyilo ofala ali ndi mizunguliro 130 iliyonse ndi radius ya masentimita 15, ndipo amapereka maginito a pafupifupi 0.78 millitesla (mT) pa ampere imodzi. Pa ma ampere 1.5 imeneyo ndi 1.17 mT. Anode ikakhala pa ma volt 200, ma elekitironi amathamanga pafupifupi makilomita 8,400 pa sekondi, ndipo radius iyenera kukhala pafupifupi masentimita 4, kutanthauza masentimita 8 kuchokera mbali ina kufika inzake. Ngati makoyilo anu ndi oterewa koma mukuona zosiyana kwambiri, vuto lili pachipangizo. Ngati mukuona zomwezi koma yankho likuphonya, vuto lili m'kope.

*Yankho lachepa kanayi, cha m'ma 0.44:*

1. Ana aika diameter pamalo pa radius. Chaka chilichonse alipo.
2. Makoyilo alumikizidwa parallel m'malo mwa series, mita n'kumawerenga current yonse pamene koyilo iliyonse ikulandira theka. Maginito enieni ndi theka la owerengera, mkombero wakula kawiri, yankho n'kutsika kanayi. Mavuto awiri osiyana, nambala imodzi. Ili linandisowetsa tulo tsiku lina chifukwa ndinkangokalipira ana za radius pamene iwo analibe mlandu.

*Yankho laphonya ndi 10 kapena 20 peresenti:*

1. Diso silinalunjike. Mkombero uli m'kati mwa galasi, rula ili kunja, mukapendeketsa mutu nambala imasintha. Ngati kumbuyo kuli kalilole, tsekani diso limodzi, mzere ubise chithunzi chake chomwe, ndiye muwerenge.
2. Mwatenga chiwerengero cha mizunguliro ndi radius m'buku la chipangizo china. Werengani pa makoyilo anu, yezani ndi tepi.
3. Mwakhulupirira mita ya pabokosi. Gwiritsani multimeter, ndipo batire yake ikhale yatsopano, chifukwa ikafooka mita imanama.
4. Mkombero ndi waung'ono kwambiri kapena ukukhudza galasi. Wapakati ndiye wabwino.
5. Maginito a dziko lapansi. Padziko lonse ali pakati pa 25 ndi 65 microtesla, pamene makoyilo akupereka oposa 1,000, choncho ndi ochepa koma alipo. Yezani, tembenuzani chipangizo chonse chiyang'ane kumene chinafulatira, yezaninso, mutenge pakati.

Ana akapeza 1.6 kapena 1.9, ayamikireni. Ma elekitironi amataya kamphamvu pogunda mpweya uja, ndiye chipangizochi sichingalase ndendende. Amene wapeza 1.76 kanayi motsatizana ndiye mumufunse bwino.

Chizindikiro 6: Fungo lakupsa, kuthetheka, utsi, kapena bokosi likukutsinani mukaligwira

Apa palibe ndondomeko yofufuza. Zimitsani pakhoma, zulani, tulutsani ana.

Zimene akatswiri amakazipeza m'katimo kawirikawiri ndi nyumba ya dothi ya mavu, mphemvu, kapena buluzi wouma atagona pa mawaya. Chinanso ndi zipangizo zamphatso: zochokera ku America zimapangidwira ma volt 110 mpaka 120, ndipo ngati kaswichi kakumbuyo sikanasinthidwe kufika pa 230, zimapsa tsiku loyamba. Za mapulagi a ku Germany a miyendo iwiri yobulungira, zikalowetsedwa m'soketi yathu pokanikiza ndi chivindikiro cha bolopeni, zimagwira ntchito koma zilibe waya wa earth. N'chifukwa chake bokosi limakutsinani. Uzani wodziwa zamagetsi adule pulagiyo aike ya miyendo itatu yokhala ndi fyuzi.

Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

- Fyuzi yapsa kawiri.
- Pakufunika kutsegula bokosi la anode. Musalitsegule, ngakhale muli ndi sikuludiraiva ndi mtima wabwino.
- Galasi lili ndi mng'alu, kapena m'kati mukuoneka zoyera ngati ufa. Likulungeni ndi nsalu yokhuthala muliike m'katoni.
- Chubu chonse chikuwala ngati nyali m'malo motulutsa mzere, kapena m'mfuti mukuthetheka.
- Vanishi wa makoyilo wada kapena akununkha.

Wamagetsi wachiphaso angakonze soketi ndi earth. Za m'kati mwa bokosi zimafuna wodziwa zipangizo za labotale, monga amisiri a m'madipatimenti a physics a m'mayunivesite athu, ndipo Zomba si patali. Potumiza, lembani zimene munayeza ndi manambala ake, musangoti "sichikugwira ntchito."

Kanthu kena kapambali. Posakasaka mawaya m'kabati yakale mukhoza kupeza kabokosi kathabwa kolemera modabwitsa, kokhala ndi chizindikiro cha masamba atatu cha radiation. Chimenecho si cha chubu chathu, chifukwa pa ma volt 300 palibe radiation yoopsa imene imatuluka. Musakatsegule, musakataye m'chimbudzi kapena m'nyanja. Uzani ahedi, iwo adziwitse a Atomic Energy Regulatory Authority.

Ngati mwapeza kandalama kokonzera zinthu

Ine ndingayambe ndi mawaya atsopano ndi nsalu yakuda, chifukwa ziwirizi zimathetsa mavuto ochuluka kuposa china chilichonse. Kenako multimeter yachiwiri, kuti voteji ndi current ziziwerengedwa nthawi imodzi. Makoyilo apatseni batire ya galimoto kapena ya sola ya ma volt 12 kudzera pa rheostat (chokwezera ndi kutsitsira current) ndi fyuzi: current yake ndi yosalala kuposa ya bokosi lililonse lotchipa, ndipo siisamala za chigayo. Bokosi lokhala ndi constant current ndi labwino koposa, limathetsa vuto lija la kutentha. Mukafuna inveta, gulani ya pure sine. Zotchipa zija zimaliritsa thiransifoma n'kuitenthetsa, komanso mamita wamba amawerenga voteji yake molakwika.

Mwana wina wa m'kalabu ya sayansi anandifunsa ngati tingaikemo zitsulo za D zija kuti ikhale cyclotron yeniyeni. Tinawerengera limodzi pabolodi. Ma elekitironi amazungulira ka 28 miliyoni pa sekondi pa millitesla iliyonse, ndiye pa 1.17 mT tingafune magetsi osinthasintha pa 33 MHz, ndipo galasi lomata silitseguka. Vuto lina n'lakuti elekitironi ndi yopepuka, imafika msanga pa liwiro limene relativity imayamba kuchedwetsa kuzungulira kwake n'kuphonyana ndi kukankha kuja. N'chifukwa chake ma cyclotron amathamangitsa ma proton ndi tinthu tolemera. Proton imafuna 15 MHz pa tesla yathunthu, ndiye maginito a chitsulo cholemera, pampu yochotsa mpweya, ndi makoma otchinga radiation. Anakhumudwa pang'ono, koma masamu anawalemba onse.

Chomwe tingatengere kwa oyendetsa makina akuluakuluwo popanda kulipira ndi kope. Mangirirani kope pa chipangizo, ndipo tsiku limene chagwira bwino ntchito lembani deti, voteji ya pakhoma, ya kawaya, ya anode, ya Wehnelt, current ya makoyilo ndi kukula kwa mkombero. Jambulani mawaya ndi foni musanamasule. Temu ikatha, chubu chibwerere m'bokosi lake, mawaya alowe m'chigubu chotseka pamodzi ndi timapaketi ta silica tija timabwera m'makatoni a nsapato, ndipo bokosi la magetsi likulungidwe m'jumbo kuti mavu asapeze polowera. Mukandiimbira, khalani ndi kopelo m'manja, ndiyamba kufunsa manambala a tsiku lomaliza limene mkombero unaoneka.